Mtanda wa katani pakhomo la bafa: mawu a pa msonkhano wa kalabu ya omvera ku Massangulo

Abale anga amene kunyumba timalankhula Chiyao mundilole ndiyankhule m'Chinyanja, popeza mawuwa alembedwa m'kalata yathu ndipo akawerengedwanso ndi anzathu a ku Mandimba ndi ku Cuamba.

Mutu umene ndapatsidwa ena mwauseka kale, ndakuonani kumbuyoko. Akuti tikambirane za mtanda, kamtengo kaja timapingasa pakhomo la bafa n'kupachikapo nsalu kapena thumba. Sekani ndithu, koma mukatuluka pano muyende m'mudzi muwerenge mabafa. Mupeza ambiri mpanda wake ndi wabwino, tsekera watsopano, luzi lomanga bwino, koma pakhomo pali pululu. Ena anapachika chiguduli pa waya, waya uja anagwa pakati ngati uta, chiguduli chili m'matope. Bambo anamanga mbali zitatu ndi theka, natopa, nati zotsalazo tidzaona mawa. Mawa lakelo ndi chaka chachitatu tsopano.

Amene amavutika nalo khomo limeneli si bambo ayi. Bambo amasamba mothamanga, kabudula ali m'chiuno, mwina kudambo pochokera kumunda. Ovutika ndi amayi ndi ana athu aakazi. Mtsikana amene wangotha msinkhu sangalowe m'bafa lopanda chotchinga dzuwa likuswa mtengo, anyamata akudutsa panjira, akabaza a njinga zamoto akuimika pafupi. Ndiye amadikira mdima. Mumdimamo ndi mmene muli njoka, ndi mmene muli zinkhanira, ndiponso tisabisane, ndi mmene muli anthu a maganizo oipa. Kapena amanyamula sopo n'kupita kumtsinje, kumadzi odekha kumene kuli nkhono zofalitsa likodzo. Tizilombo ta likodzo sitidikira kuti munthu amwe madziwo, timalowera pakhungu posamba pomwepo. Anzathu a kufupi ndi nyanja ya Amaramba ndi ya Chiuta matendawa amawadziwa bwino, mwana kukodza magazi makolo n'kumati wakula.

Palinso nkhani ya ulemu. Kuno ambirife ndife akamwini, timakhala kwawo kwa akazi athu. Bafa ndi limodzi pabwalo. Tsiku lina mkamwini akupita ndi ndowa yake, osadziwa kuti muli apongozi. Eee, mwaseka, koma mukudziwa kuti zikachitika zimenezo anthu awiriwo satha kuyang'anana mwezi wathunthu. Katani yotseka imalankhula yokha kuti muno muli munthu, ngakhale usanaodire. Ndipo kwa abale athu achisilamu amene amadziyeretsa asanaswali, ndi ife tonse amene timasambitsa odwala ndi okalamba pakhomo, malo obisika bwino si chinthu chapamwamba ayi, ndi chofunika tsiku ndi tsiku.

Tsono tiyeni tilowe m'ntchito yeniyeni. Mtandawo ukhale wa chiyani?

Ine ndimaika nsungwi patsogolo, ndipo ndikhalitsa pamenepa chifukwa ndi zimene tili nazo m'mapiri ndi m'makhwawa athu osalipira kanthu. Nsungwi ndi yowongoka, ndi yosalala moti nsalu imayenda bwino ukamakoka, ndiponso sichita dzimbiri. Koma si nsungwi iliyonse. Pali nsungwi zathu zam'tchire, zobiriwira, zimene mkati mwake ndi mothina, zina zilibe mphako n'komwe. Palinso zija zachikasu za mizere, zobzala, zonenepa koma za mphako yaikulu. Zachikasuzo n'zokongola, koma anankafumbwe amazikonda kwambiri, miyezi yochepa muona ufa ukugwa pansi. Tengani yam'tchire, yokula ngati chala chachikulu cha kuphazi kapena kuposerapo pang'ono.

Ikhale yokhwima, ya zaka 3 kapena 4. Mudzaidziwa: yaing'ono imakhala yowala, ili ndi makoko m'mfundo ndi kaufa koyera, pamene yokhwima makoko anagwa kale, khungu lathimbirira, pena lamera timawanga totuwa. Yanthete ikauma imakwinyika n'kung'aluka. Nthawi yodula ndi mvula itatha, m'miyezi yozizira ino ya June ndi July, osati pamene mvula yayamba ndipo mphukira zikutuluka. Chimene chimakoka anankafumbwe ndi chakudya chotsekemera chimene chili mkati mwa nsungwiyo. N'chifukwa chake makolo athu ankaviika nsungwi m'madzi asanamangire, sanali kuchita zamwambo chabe. Imizeni m'madzi milungu 3 kapena 4, muitsindike ndi miyala kuti isayandame, chotsekemeracho chisukuluke. Idzanunkha potuluka, musadandaule, fungolo limatha. Kenako iumitseni pamthunzi itagona pamalo osalala. Padzuwa imang'ambika ndi kupindika.

Podula, dulani ndi sowo, osati chikwanje, ndipo mbali zonse ziwiri mudule pafupi ndi mfundo kuti kumapeto kukhale kotseka. Mukasiya kukamwa kwapululu mumalowa madzi, mumamanga mavu, ndipo kung'aluka kumayambira pomwepo. Timaziphuphu ta m'mfundo tija mutipale ndi mpeni mpaka dzanja lizidutsa osakodwa, apo ayi nsalu izing'ambika pang'onopang'ono.

Bulugamu nayenso amagwira ntchito, ndipo masiku ano sasowa, wabzalidwa wambiri m'chigawo chathu cha Niassa. Musankhe kamtengo kowongoka, kouma, mukasende makungwa onse chifukwa pansi pa khungwa ndi pamene tizilombo timabisala. Wauwisi musayese, amapotoka akamauma ndipo amang'aluka kumapeto. Paini ayi, m'chinyontho amaola msanga. Mtengo wa mango, wa papaya, phesi la chinangwa, zimenezo ndangotchula kuti tiseke, koma ndaziona zitapachikidwa.

Amene ali ndi kandalama amafunsa za chitsulo. Chitsulo chabwino ndi paipi ya madzi ija yotuwa, imene m'masitolo amati tubo galvanizado, ya theka la inchi. Imeneyo mudzasiyira adzukulu. Vuto lake amagulitsa yathunthu ya mamita 6, pamene inu mukufuna mita imodzi yokha. Ndiye mwina musonkherane mabanja asanu kapena asanu ndi limodzi mudulirane, mwina mufunse zidutswa zotsala kwa owotcherera zitsulo ku Mandimba kapena ku Cuamba. Chitsulo chomangira nyumba chija timati varão musachitenge. N'chokhakhala, nsalu siyenda, ndipo mvula yoyamba yomweyo dzimbiri lidzathimbiriritsa katani yonse. Paipi yapulasitiki yodutsitsa mawaya amagetsi ndi yotchipa ndipo siola, koma payokha imagwa pakati ikatenthedwa ndi dzuwa. Nzeru yake ndi kulowetsa kansungwi kowonda mkati mwake, pamenepo mwapeza zonse ziwiri, kulimba ndi kusalala.

Pali kenanso kamene kabwera m'masitolo a m'tauni, kachitsulo konyezimira kokhala ndi sipuling'i mkati, kamene umangokapotokola n'kukanikiza pakati pa makoma awiri popanda msomali. Achinyamata amakakonda. Kameneko anakapangira nyumba za matailosi, makoma olimba ndi owongoka. Pa khoma la zidina kapena lozira ndi dothi kamangofukula dothilo n'kugwa, ndipo pa mpanda wa udzu palibe pokanikiza. Ngakhale m'nyumba ya simenti, mukapachika chitenje chonyowa kamatsetsereka. Ngati mwagula kale, kagwiritseni ntchito ndi katani yopepuka yapulasitiki, koma amene simunagule sungani ndalama zanu mugulire sopo.

Tsopano kuyeza. Apa ndi pamene ambiri amathamanga. Khomo la bafa likhale la masentimita 70 kapena 80 m'lifupi, kuti munthu alowe ndi ndowa m'manja, komanso kuti awiri athe kulowa pamene wina akugwiriza wodwala. Mtanda upitirire khomolo ndi masentimita 10 kapena 15 mbali iliyonse. Kunena kwina, khomo la 80 likufuna mtanda wa mita imodzi ndi masentimita 10. Mulibe tepi? Dzanja la munthu wamkulu litatambasulidwa, kuchokera chala chachikulu kufika chaching'ono, ndi pafupifupi masentimita 20. Kapena tengani chingwe, yezani pakhomo, mangani mfundo, mupite nacho kokadula. Chifukwa chopitirizira n'chakuti katani iyenera kuphimba nsanamira zonse ziwiri. Mpata umene anthu amaonera si wapakati, ndi wa m'mbali.

Kutalika kwake kuchokera pansi, muyeze ndi munthu wamtali kuposa onse pabanjapo, adutse osawerama. Kwa ambiri ndi mita imodzi ndi masentimita 80. Mukautsitsa, anthu aziugunda ndi mutu usiku, ndipo aliyense wodutsa aziugwira, mapeto ake umagwedera.

Pa bafa la udzu, mphamvu ya mtanda ili m'nsanamira ziwiri za pakhomo. Zimenezi zikhale zonenepa kuposa nsichi zina zonse, ndipo ngati mungapeze za mphanda kumwamba ndiye mwatha ntchito, mtanda umangogona m'mphandamo. Kumbani maenje ofika theka la mita. Kumunsi kwa nsanamira, mbali yolowa m'dothi, kuwauleni pamoto mpaka kuchite makala pang'ono, ndipo pokwirira muthiremo phulusa ndi timiyala, n'kutsindira ndi mtengo. Chiswe sichithawiratu, tisanamizane, koma chimachedwa. Ena amapaka oilo wakutha wa galimoto. Amathandiza, koma ngati chitsime chili pafupi ine sindikulimbikitsani. Mtanda mukaugoneka m'mphanda muumange ndi malegeni a chubu chakutha cha njinga. Luzi limaola ndi madzi a sopo, waya amadya nsungwi, koma mphira umagwira zolimba ndipo tsiku lofuna kuchotsa katani kukachapa umamasuka mosavuta. Msomali pa nsungwi musakhome, imang'aluka nthawi yomweyo. Ngati palibe mphanda, semani kamphako pa nsanamira kuti mtanda ukhalepo, kenako malegeni.

Kuti muone ngati wawongoka simufunika levulo ya amisiri. Thirani madzi m'botolo loonekera mkati, osadzaza, litsekeni, muligoneke pamwamba pa mtandawo. Kampweya kakathawira mbali imodzi, mbali imeneyo ndiyo yakwera. Mtanda wopendekeka katani yake imatsetserekera kumodzi yokha, ndipo imachita zimenezo munthu ali ndi sopo kumaso.

Pa bafa la njerwa, chabwino koposa ndi kuganizira mtanda pamene mukumanga. Mukafika pa mzere wa msinkhu uja, siyani kabowo mbali zonse ziwiri, kamodzi kakuya kuposa kanzake. Polowetsa mumayamba kukankhira m'kakuyako, kenako n'kubweza pang'ono kuti mbali inayo ilowe. Mukatero mtanda umatuluka ndi kubwerera popanda kugumula kanthu. Kuno njerwa zowotcha sitiphunzitsidwa ndi munthu, nyumba za ku mishoni ya Massangulo, imene ansembe a Consolata anayambitsa m'zaka za m'ma 1920, zilipo tikuziona, ndipo amisiri a njerwa m'midzi yathu ndi ambiri. Muwauze za kabowoka asanafike pamwamba, chifukwa iwo maganizo awo amakhala pa khoma, za katani sizibwera m'mutu. Ngati khoma linamangidwa kale, boolani pa mzere wa matope kapena wa simenti pakati pa njerwa, osati pa njerwa yeniyeniyo. A m'nyumba za mabuloko ku Cuamba, inu mukudziwa za bucha ndi parafuso, tizitsulo tiwiri togwira paipi timamangidwa ndi zimenezo. Kungokhoma msomali wa simenti n'kukolekapo paipi, pakapita mwezi pulasitala wagamphuka.

Nanga chopachikacho? Chitenje chakale, capulana imene amayi asiya kuvala, chimakwana bwino mukachiimika m'litali, chifukwa m'litali chimayandikira mamita 2 ndipo m'lifupi chimaposa mita. Chimauma msanga, chimachapika. Koma chikhale cha mtundu wakuda kapena wa maluwa othithikana. Choyera chopyapyala, dzuwa likakhala kumbuyo, chimaonetsa chithunzi chonse cha munthu, ndiye mwatchinga chiyani? Matumba a feteleza a makilogalamu 50 nawonso ndi abwino, awiri mukawang'amba n'kuwalumikiza amakwana, ndipo saola ndi madzi, kungoti dzuwa limawafumbutsa pakatha chaka. Muwachape kaye bwinobwino. Koma chilichonse chimene munasungiramo mankhwala a thonje kapena a fodya chisayandikire kubafa, anthu a ku Cuamba ndi ku Mandimba mukundimva. Ndipo masikito amene timalandira kuchipatala ndi ogonamo. Ndawaona atatchinga mabafa, atatchinga madimba, ena akuwedzera usipa. Pabafa satchinga n'komwe, munthu amaonekera, ndipo usiku womwewo mwana akugona pamtetete akulumidwa ndi udzudzu.

Kumwamba kwa nsalu pindani mpendero waukulu woti mtanda uzilowa momasuka, telala aliyense amasoka, ngakhale singano ya pamanja imatha. Ena amakonda mphete. Masipoko akutha a njinga mukawapinda amakhala mphete zabwino, 7 kapena 8 zakwana, ndipo amachedwa kuchita dzimbiri kusiyana ndi waya wamba. Kumunsi, nsalu isafike pansi. Isiye mpata wa masentimita 15, pang'ono kuchepera dzanja lotambasula. Ikakhudza pansi imamwa madzi akuda, imachita ndere ndi chuku, imanunkha, ndipo mpata umenewu umathandizanso kuti wobwera aone mapazi adziwe kuti muli munthu. Koma kuno kwathu n'kumtunda, mwera wa mwezi wa June ndi July mukuudziwa mmene umaombera. Nsalu yopepuka imauluka n'kukusiya pambalambanda. Sokererani timiyala tiwiri kapena titatu m'mpendero wam'munsi, ndipo pa nsanamira imodzi mumange kachingwe kokolera nsaluyo mukalowa. Mukamamanga bafa latsopano, khomo lisayang'ane kunjira, lisayang'anenso kumene mwera umachokera.

Wina anandifunsa panja paja kuti, bwanji osangomanga khomo lokhota ngati nkhono, losafuna katani? Limenelo ndi labwino ndithu, makolo ankamanga choncho. Limadya udzu ndi mitengo yambiri, komanso siliuza munthu wakunja kuti mkati muli wina, ndiye nkhani ya apongozi ija ikadalipo. Mukhoza kuchita zonse ziwiri. Chitseko cha matabwa kapena cha lata, amene angathe achite, koma pa mpanda wa udzu chimalemera n'kugwetsa nsanamira.

Chinthu chimodzi ndikufuna muchimvetse, makamaka inu amene mumasunga agogo kapena amayi oyembekezera. Munthu akaterereka amagwira chimene chili pafupi, ndipo chapafupi ndi katani. Mtanda wa katani sunapangidwe kuti unyamule munthu. Ukathyoka kapena kuzuka, agogo agwa nawo limodzi, ndipo fupa la m'chiuno la munthu wokalamba likathyoka, ambiri sadzukanso. Choncho mkati mwa bafa zikani mtengo wina wolimba, wofika m'chiuno, woti munthu azigwira posamba ndi podzuka. Ikaninso kampando kapena chitsa chosalala. Pansi pakhale miyala yaphwatalala kapena njerwa zoyalidwa mopendekera kumene madzi amatulukira, ndipo ndere muzizikwecha ndi phulusa kapena mchenga. Ana nawo muwaletse kulendewera pa mtanda, amauyesa katungwe.

Popeza ndatchula madzi otuluka, ndisawadumphe, ngakhale si mutu wanga weniweni. Bafa likakhala lobisika bwino anthu amalikonda, amasambamo onse, amachapiramo, ndiye madzi amachuluka. Akangotayikira kuseri amapanga chithaphwi, abakha n'kumasambamo, ana n'kumaseweramo. Udzudzu ukaikira mazira m'madzi oima, pa masiku 10 okha kapena kuposerapo pang'ono ana ake ayamba kuuluka. Kumbani dzenje kuseri kwa bafa, lakuya mita imodzi, mudzaze miyala ndi zidutswa za njerwa, zikuluzikulu pansi zing'onozing'ono pamwamba, madzi azilowa m'menemo. Ena amabzala nthochi kapena nzimbe pafupi kuti zizimwa otsalawo. Dzenjelo litalikirane ndi chitsime, azaumoyo amati mamita 30 ngati mmene amanenera za chimbudzi, ndipo likhale kumunsi kwa chitsimecho, osati kumtunda.

Musaiwale zimene tinaona. Kolera anayamba ku Malawi m'mwezi wa March 2022 ku Machinga, nafalikira mpaka ku Mangochi, tsidya lomweli la Chiponde, ndipo anapha anthu oposa 1,700 m'dzikomo. Kuno ku Niassa anatulukira m'boma la Lago mu September chaka chomwecho. Kolera amayenda ndi chimbudzi cha munthu chikalowa m'madzi kapena m'chakudya. Wina anena kuti nanga bafa likukhudzidwa bwanji? Likukhudzidwa chifukwa matewera a mwana wotsegula m'mimba timachapira kubafa, wodwala timamusambitsira kubafa, ndipo ana ena usiku amaopa kuchimbudzi n'kukhala kubafa komweko. Madzi ochapira zoterezi akatayidwe m'chimbudzi. Nkhani za ukhondozi si zachilendo kwa ife. Mwana wa chigawo chino, Feliciano dos Santos, woimba wa gulu la Massukos amene anayambitsa bungwe la Estamos, analandira mphotho ya Goldman mu 2008 chifukwa chophunzitsa anthu za zimbudzi ndi kusamba m'manja kudzera m'nyimbo, ndipo nyimbozo tazimva pa wayilesi kangapo. Azaumoyo a m'midzi, amene tinazolowera kuwatchula kuti a APE, akamayendera makomo amayang'ana chimbudzi, bafa, thandala la mbale ndi dzenje la zinyalala. Tsono bafa lake likhale lotheka kulowamo masana.

Kasamalidwe kake n'kochepa. Mukatha kusamba tambasulani katani kuti iume, musaisiye itaunjikana kumodzi. Muichape pamodzi ndi zovala kamodzi pa mlungu. Chopukutira chonyowa ndi zovala zolemera musamaunjike pa mtanda womwewo, mangani chingwe china mkati. Mvula isanayambe mu November, gogodani nsanamira ndi chikwanje kumunsi. Ikalira ngati ng'oma, chiswe chadya mkati, sinthani isanagwe yokha.

A wapampando, nthawi yanga yatha. Amene mukufuna nsungwi, mwezi wodula ndi uno, ndipo kuviika kumafuna milungu ingapo, ndiye tisachedwe. Ndapempha kuti Loweruka likubwerali tikumane pano m'mawa, amene ali ndi sowo abwere nayo, achinyamata abweretse machubu akutha a njinga, amayi abweretse zitenje zakale ndi singano. Tidzayambira pa makomo a agogo amene alibe wowamangira, mafumu atiuza kuti ndi ati. Mafunso ndiyankha ndikakhala pansi.